Jumbo yaifupi ija inavaladi mbendera yathu?

Nambewe (Germiston): Moni nonse. Loweruka ndinapita ndi mwana wanga ku Rand Airport kuno ku Germiston, komwe amasungako ndege zakale za South African Airways. Mwanayu ali ndi zaka 11 ndipo ndege zinamulowa m'magazi, wakhala akundipempha ulendowu chiyambire Khirisimasi. Pali majumbo awiri. Ina dzina lake Lebombo, yaitali monga tonse timaidziwira Boeing 747. Koma inayo, Maluti, inandidabwitsa. Mutu ndi wa jumbo, linunda lilipo, mainjini anayi alipo, koma thupi lake n'lalifupi ngati anachita kulidula pakati n'kulumikizanso, pomwe mchira watalika kuposa wa inzakeyo. Mwana wanga anagwada pansi pake n'kuwerenga matayala, anapeza 18, ndipo ataima pambali pa limodzi linamulekeza m'mapewa. Ndiye bambo wina wachikulire amene amaonetsa alendo atamva kuti kwathu ndi ku Malawi, anandiuza kuti ndege ina ya mtundu womwewu inapentedwapo mitundu ya Air Malawi. Ndinangovomera mwaulemu koma mumtima ndinakayika. Akuluakulu pagulu pano, zinachitikadi?

Tadala: Air Malawi ndi jumbo? Ine ndinakula ndikuona ma 737 ndi ka ATR kaja basi. Mwina bamboyo anasokoneza ndi Air Mauritius, anti.

Bambo Mwale (Lumbadzi): Sanasokoneze ayi mwanawe, zinachitikadi. Munali mu Epulo 1985, pomwe a Kamuzu ankapita ku London ataitanidwa ndi Mfumukazi Elizabeth. Air Malawi inabwereka ndegeyo ku South African Airways n'kuipenta mitundu yathu, dzina lathu m'mbali, nambala yake n'kukhala 7Q-YKL. 7Q ameneyo ndiye chizindikiro cha ndege zonse zolembedwa m'kaundula wa Malawi. Inangokhala nafe masiku pafupifupi 40, ulendo utatha inabwerera kwa eni ake. Chithunzi chake ndinachidula m'nyuzipepala nthawi imeneyo, chili m'thiranki mpaka lero.

Nambewe (Germiston): Zikomo kwambiri bambo. Ndamuwerengera mwana uthenga wanuwu, wachita kudumpha. Funso lake tsopano n'lakuti anaifupikitsiranji, popeza ukulu wa jumbo ndi umene anthu ankaifunira?

Chikondi (Manchester): Anti, mwana wanuyo wafunsa penipeni. Ntchito yanga kuno ndi yokonza ndege, ndipo ngakhale mtundu umenewu sindinaugwirepo ndi manja anga, madala amene anandiphunzitsa ntchito amaukamba ngati akukamba munthu. Dzina lake ndi Boeing 747SP. Tadala sanalakwitse kwambiri, Air Mauritius nayonso inabwerekapo ndege zomwezi. Koma ndiyambe ndi mayi wake, 747 yaitali ija, chifukwa linunda lija lili ndi mbiri yakeyake.

M'zaka za m'ma 1960 anthu okwera ndege ankachuluka chaka ndi chaka. Mkulu wa kampani ya ndege ya ku America ya Pan Am, Juan Trippe, anauza a Boeing kuti akufuna ndege yoposa kawiri Boeing 707 yomwe inkalamulira mlengalenga nthawi imeneyo. Mu Epulo 1966 anasainira ndege 25 pa mtengo wa madola 525 miliyoni. Ndegeyo inali ikadali papepala, ndipo nyumba yokwanira kumangiramo kunalibe. Anachita kugwetsa nkhalango ku Everett, kumpoto kwa Seattle, n'kumanga chifakitale chomwe mpaka lero chili m'gulu la nyumba zazikulu kwambiri padziko lonse. Wotsogolera mainjiniya anali Joe Sutter.

Poyamba ambiri ankafuna yosanjikiza, anthu ena pansi ena pamwamba kuyambira kumutu mpaka kumchira. Sutter ndi anzake anaona kuti kutulutsa anthu a pamwambawo mwachangu pangozi kukanavuta, ndiponso katundu sakanalowa bwino. Anasankha kuitambasula m'mimba: mipando kumanzere, pakati ndi kumanja, tinjira tiwiri toyendamo. Inali ndege yoyamba ya anthu yomangidwa chotere, ndipo zonse zazikulu zomwe timakwera lerozi zinatengera pamenepo.

Linunda linabwera chifukwa cha mantha. Nthawi imeneyo aliyense ankakhulupirira kuti posachedwa anthu azikwera ndege zothamanga kuposa liwiro la phokoso, monga Concorde ndi ina yomwe a Boeing eni ake ankakonza, ndiye 747 idzatsala yonyamula katundu. Choncho anaika oyendetsa pamwamba kuti mphuno izitha kuyasama yonse ngati ng'ona, katundu n'kumalowera kutsogolo. Ndege yothamanga ya Boeing ija boma la America linaleka kuithirira ndalama mu 1971 isanauluke n'komwe. Concorde zinapangidwa 20 zokha. Koma iyi yomwe ankaiyesa yongogwirizira inapangidwa kwa zaka zoposa 50.

Tadala: Achimwene, ndiye inangoti kutuluka m'fakitale n'kuyamba kudya ndalama basi?

Chikondi (Manchester): Ayi ndithu, inatsala pang'ono kuigwetsa kampaniyo. Inauluka koyamba pa 9 Febuluwale 1969, koma mainjini ake, a Pratt & Whitney JT9D, anali a mtundu watsopano ndipo ankavuta kwambiri. Panali nthawi yomwe ndege zomalizidwa zinangondandalikana panja pa fakitale zitamangiriridwa zimabuloko za konkire pomwe pakanakhala mainjini, kuti zisapendekere kumchira. Ngakhale ulendo woyamba wonyamula anthu, wochoka ku New York kupita ku London mu Januwale 1970, injini inatentha ndege isananyamuke, anthu n'kutsika kukadikira ina, moti ananyamuka usiku kwambiri tsiku litasintha kale, pa 22. Ngongole zinali zitawafika m'khosi, malonda a ndege n'kutsikanso, ndipo pofika 1971 anali atachotsa ntchito anthu oposa theka la omwe anali nawo ku Seattle.

Tsopano SP. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kunabwera DC-10 ndi Lockheed TriStar, za tinjira tiwiri nazonso koma zocheperako, za mainjini atatu. Makampani ambiri ankalephera kudzaza jumbo, ndiye anayamba kuyang'ana kumeneko. Nthawi yomweyo Pan Am inkafuna ndege yotha kuchoka ku New York mpaka ku Tokyo osatera panjira, ndipo Iran Air inkafuna ya Tehran ndi New York. Ndalama zoyambira ndege yatsopano a Boeing analibe. Anangotenga 747 yomwe inalipo n'kuchotsako mamita pafupifupi 14.7 a thupi, kwina kutsogolo kwa mapiko kwina kumbuyo. Mapiko, matanki a mafuta ndi mainjini n'kukhala pafupifupi omwe aja. Thupi lopepuka pa mphamvu zomwe zija limatanthauza kuuluka m'mwamba kwambiri ndi kufika kutali.

Za mchira zija muuzeni mwana chonchi: mukamamasula nati ndi sipanala yaifupi mumafunika mphamvu zambiri kuposa ndi yaitali. Mchira ndi umene umawongola ndege, ndipo ukayandikira pakati pa thupi mphamvu yake yokhotetsa imachepa. Ndiye anautalikitsa ndi kuukulitsa kuti ubweze zomwe zinatayika. Inauluka koyamba pa 4 Julayi 1975, n'kuyamba ntchito ku Pan Am mu 1976. Zonse pamodzi zinapangidwa 45 zokha.

Nambewe (Germiston): Ya sipanala ija waimva msanga, bambo ake ndi makanika wa magalimoto.

Aphunzitsi Gondwe (Mzuzu): Ndawerenga zonse ndipo ndathokoza a Chikondi. Koma pali mbali ina yomwe sitiyenera kuilumpha. Mwa ndege 45 zimenezi, zisanu ndi imodzi zinagulidwa ndi South African Airways. Tidzifunse chifukwa chake. Mu 1963 mayiko a mu Africa omwe anali atalandira ufulu anatsekera ndege za South Africa mlengalenga mwawo pokana ulamuliro wa tsankho. Kuchokera pamenepo ndege yochoka ku Johannesburg kupita ku Ulaya sinkadutsa pakati pa Africa. Inkatulukira kunyanja ya Atlantic n'kuzungulira mphumi yonse ya kumadzulo kwa Africa, kukamwa mafuta ku chilumba cha Sal ku Cape Verde kapena ku Las Palmas. Angola italandira ufulu mu 1975, Luanda nayo inatsekeka. Choncho ankafunitsitsa ndege ya mpweya wautali, yotha kuzungulira adani awo osapempha chilolezo kwa aliyense. SP inali yankho la vuto limenelo.

Ndiye ife tinaipeza bwanji? Chifukwa Malawi inakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la Pretoria mu 1967, pomwe anzathu ankalikana. John Vorster, nduna yaikulu ya South Africa nthawi imeneyo, anabwera kuno mu 1970, a Kamuzu n'kupita kumeneko mu 1971, ndipo ngongole yoyambira kumanga Lilongwe inachokera komweko. Mu 1985, chaka chomwe ndegeyi inavala mbendera yathu, m'makomboni a ku South Africa munali moto, ndipo mu Julayi boma la P. W. Botha linalengeza malamulo a nthawi ya chipwirikiti. Ine ndikaona chithunzi cha 7Q-YKL ndimaona penti wathu pa ndege ya anthu amene ankapondereza abale athu. Kunyadira kumandivuta.

Chikondi (Manchester): Aphunzitsi, za kuzungulirazo n'zoona, ndipo ndiwonjezere china. Bwalo la Johannesburg lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere. Kumeneko mpweya ndi wopyapyala, makamaka kukatentha, ndiye injini imapereka mphamvu zochepa ndipo mapiko sanyamula bwino. Jumbo yaitali inkalephera kunyamuka itadzaza mafuta ndi anthu nthawi imodzi. SP, pokhala yopepuka, inkavutika pang'ono. Ndipo yoyamba yawo, Matroosberg, pobwera kuchokera kufakitale mu Malichi 1976 inauluka kuchoka ku Everett mpaka ku Cape Town osatera, makilomita 16,560 m'maola 17 ndi mphindi 22, itathiridwa mafuta owonjezera m'malo a katundu. Panalibe ndege ya anthu yomwe inali itachitapo zimenezo, ndipo mbiriyo inakhala mpaka 1989.

Bambo Mwale (Lumbadzi): Aphunzitsi, mbiri mwaikamba bwino ndipo sindikutsutsani pa chaka chilichonse. Koma ndiloleni ndikambe monga munthu amene anagwira ntchito pansi pa mapiko a ndegezi. Bwalo la Kamuzu linatsegulidwa mu 1983, ndipo analimanga ndi msewu wa ndege wopitirira makilomita atatu n'cholinga choti zazikuluzi zizitera, zomwe ku Chileka zinali zovuta. Ine ndinalowa ntchito yokweza ndi kutsitsa katundu patapita zaka zingapo. Tsiku la British Airways kapena KLM linali tsiku lina. Ana a sukulu ankabwera pa malole kudzadzaza khonde la m'mwamba lija, anthu a m'midzi yozungulira n'kuima kumpanda njinga zili m'manja. Jumbo ikatera timaimva m'chifuwa tisanaimve m'makutu. Ikaima, matayala ankatulutsa kutentha ngati mbaula, ndipo akuluakulu ankatiletsa kuyandikira mpaka azizire. Chitseko cha katundu chili m'mwamba moti popanda makina okwezera sufikapo. Ukalowa m'mimbamo umayenda chowerama, ukukankha zikontena pa timawilo ta pansi, thukuta lili kamukamu, kunja woyang'anira akuloza wotchi.

Ndipo ndegeyo inkanyamuka pa nthawi yake, ndi manja a Amalawi. Munthu ankakwera pa Lumbadzi pano n'kukatsika ku London kapena ku Amsterdam ndege yake yomweyo. Lero mdzukulu wanga popita kusukulu ku Ulaya amayenera kukasintha ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Joni. Ndiye ndikatulutsa chithunzi chija sindiona Botha ayi. Ndimaona nthawi yomwe dzina la dziko lathu linkawerengedwa pa bwalo la ndege la Heathrow ku London.

Aphunzitsi Gondwe (Mzuzu): Bambo, ntchito ya manja anu ndikuilemekeza ndipo imeneyo ndi yonyaditsadi. Koma onani kusiyana kwake. Majumbo a KLM ndi British Airways ankanyamula aliyense wokhala ndi tikiti, ophunzira, odwala, amalonda. 7Q-YKL inanyamula munthu mmodzi ndi omuperekeza. Air Malawi inali ndi ndege yakeyake yopita ku London m'mbuyomo, VC10 yomwe inagulidwa mu 1974, ndipo pofika 1979 inali itaimitsidwa chifukwa cha kukwera mtengo koiyendetsa. Ndiye dziko lomwe linalephera kusunga ulendo wa anthu wamba linapeza ndalama zopentera jumbo ya mwezi umodzi. Apa ndi pomwe pamandipweteka.

Bambo Mwale (Lumbadzi): VC10 ija ndinaiona itagona pa Chileka zaka zambiri, ikudyedwa ndi dzuwa. Pamenepo ndikugwirizana nanu, zinali zomvetsa chisoni. Koma mtsogoleri wa dziko akaitanidwa ndi Mfumukazi sapita ngati wopempha. Umu ndi momwe ambiri tinkaonera nthawi imeneyo, ndipo ena tikuonabe choncho.

Mabvuto (Chipata): Ndilowerereko a neba. Ife ku Zambia tinali ndi yathuyathu, osati yobwereka. DC-10 ya Zambia Airways, dzina lake Nkwazi, inabwera yatsopano kuchoka kufakitale mu 1984. Inkapita ku London, ndipo pambuyo pake mpaka ku New York kudzera ku Monrovia. Aliyense wa msinkhu wanga amaikumbuka, yobiriwira, chiwombankhanga kumchira. A Kaunda anakana kukhazikitsa ubale wa ukazembe ndi Pretoria ndipo tinalipira mtengo wake. Koma ndinene chilungamo, mu Disembala 1994 Zambia Airways inatsekedwa ili m'ngongole, antchito n'kubwerera kunyumba, Nkwazi n'kupita. Amalume anga ankagwira ntchito kumeneko ndipo sanapezenso ina yofanana nayo mpaka kumwalira. Ndege yaikulu imadya ngakhale itaima, ndipo kampani ya ndege imodzi kapena ziwiri zazikulu ikadwalitsa imodzi, zonse zimaima.

Fernando (Ulongwe): Kwathu kuno ku Mozambique SP tinaidziwanso. Kampani yathu ya ndege, LAM, inabwereka imodzi mwa zomwezi za ku South Africa. Mu Okutobala 1998 itangonyamuka pa Maputo, injini imodzi inaphulika, zidutswa zake n'kuwononga inzake yoyandikana nayo ndi phiko, moto n'kubuka. Oyendetsa anaibweza n'kutera, anthu onse anatuluka amoyo, koma ndegeyo sinaulukenso. Ndiye ndege zisanu ndi imodzi zija zinavala mayunifolomu ambiri: Malawi, Mauritius, Namibia, Mozambique. Tsankho litatha mlengalenga munatseguka, kuzungulira kunatha, eni ake analibe nazonso ntchito yeniyeni.

Nachisale (Leeds): Nkhani ya a Fernando yandikumbutsa mantha anga. Ndege yoyamba kukwera pamoyo wanga inali jumbo, pobwera kuno kudzagwira ntchito ya unamwino. Nditalowa ndinaima pakhomo, chifukwa ndinkayembekezera chinthu chonga basi, koma ndinaona chipinda chonga tchalitchi, mipando khumi mzere umodzi, masitepe okwera m'mwamba. Ndinakhala pawindo kuseri kwa phiko, ndipo titanyamuka ndinaona nsonga yake ikupindikira m'mwamba n'kumagwedera. Ndinagwira dzanja la mayi wachilendo amene ndinakhala naye, iye osandikaniza, mpaka tinafika pamwamba pa mitambo. Mayi anga anali atandiuza za Helderberg usiku wonse ndisananyamuke. A Chikondi, kodi imene ija inalinso SP?

Chikondi (Manchester): Ayi achemwali, Helderberg inali 747 yaitali ya mtundu wa Combi, yomwe kutsogolo kumakhala anthu, kumbuyo katundu, pansanja imodzi. Pa 28 Novembala 1987 ikuchokera ku Taipei, moto unabuka ku katunduko ndipo inagwera m'nyanja pafupi ndi Mauritius. Anthu onse 159 anamwalira. Pambuyo pake malamulo a zozimitsira moto m'ndege za Combi anakhwimitsidwa kwambiri, ndipo South African Airways inaleka kunyamula anthu ndi katundu mwanjira imeneyo. Kupindika kwa phiko komwe munaona kuja n'kochita kukonza. Phiko louma gwa ndi lomwe lingathyoke.

Ngozi yoyamba ya 747 yopha anthu inachitikanso kuno kwathu ku Africa, pa Nairobi mu Novembala 1974, ndege ya Lufthansa yopita ku Johannesburg. Timapiko ta kutsogolo tothandiza kunyamuka sitinatuluke, ndege inalephera kukwera, anthu 59 n'kumwalira. Ndipo ya pa chilumba cha Tenerife mu 1977, pomwe majumbo awiri anawombana pansi m'chifunga, inapha anthu 583 ndipo ikadali yoposa zonse. Imeneyo inasintha kalankhulidwe ka pa wailesi pakati pa oyendetsa ndi owongolera ndege, komanso inathandiza kubweretsa maphunziro oti wamng'ono m'chipinda choyendetsera azitha kutsutsa kaputeni akaona cholakwika. Ife okonza timaphunzitsidwa zomwezo mpaka lero.

Nachisale (Leeds): Zofanana ndi kuchipatala. Namwino akaona dokotala akulakwitsa mlingo wa mankhwala ayenera kuyankhula, ndipo potiphunzitsa amatchula za ndege zomwezi.

Tadala: Chomwe sindikumvetsa n'chakuti, ngati SP inkafika kutali chotere, bwanji zinangopangidwa 45? Komanso Boeing 787 ya Ethiopian yomwe timaiona ku Lumbadzi ili ndi mainjini awiri okha koma imawoloka nyanja. Anayi aja anali a chiyani?

Chikondi (Manchester): SP inaphedwa ndi abale ake omwe. Inkanyamula anthu ochepa, kawirikawiri osafika 300, koma inkafunabe mainjini anayi oti amwe mafuta ndi kukonzedwa, ndi anthu atatu kutsogolo, oyendetsa awiri ndi injiniya. Ukagawa mtengo wa ulendo pa mpando uliwonse, inkadula. Pasanapite nthawi mainjini a 747-200 anawonjezeredwa mphamvu, iyo n'kuyamba kufika pafupi ndi komwe SP inkafika itanyamula anthu ambiri. Kenako mu 1989 kunabwera 747-400, ya timapiko toimirira kunsonga, oyendetsa awiri okha, anthu pafupifupi 400, ndipo inkafika kutali kuposa SP. Imeneyo ndiyo inaphwanya mbiri ya Matroosberg, pomwe ya Qantas inauluka kuchoka ku London mpaka ku Sydney osatera. Zimenezi zinapangidwa 694.

Za mainjini anayi, gwero lake ndi lamulo. Kale mainjini ankazima pafupipafupi, ndiye ku America kunali lamulo loti ndege ya mainjini awiri isatalikire bwalo loti ingaterepo kupitirira ulendo wa mphindi 60. Pamwamba pa nyanja zikuluzikulu zimenezo sizitheka, choncho maulendo ataliatali anali a ndege za mainjini atatu kapena anayi. Mainjini atayamba kudalirika, mu 1985 analola Boeing 767 kufika mphindi 120, n'kuyamba kuwoloka Atlantic. Taonani chakacho, ndi chomwe chija a Mwale anadula chithunzi. Pomwe SP inkapentedwa mitundu yathu, chomwe chidzathetse majumbo onse chinali chitayamba kale. Kenako zinafika mphindi 180, mu 1995 n'kubwera 777, ndipo kampani iliyonse yowerengera mafuta inaona kuti awiri akukwanira. Ethiopian inali yoyamba mu Africa kulandira 787, mu 2012.

Mliri wa Covid unangomalizitsa. Mu 2020 British Airways, KLM ndi Qantas onse anapumitsa majumbo awo onyamula anthu. Yomaliza kupangidwa inaperekedwa kwa Atlas Air pa 31 Januwale 2023, ya nambala 1,574, ndipo inali yonyamula katundu, ya mphuno yoyasama ija Sutter anaikonzeratu. Lufthansa ikadali nazo zonyamula anthu, ndiye amene akufuna kukwerako mpata ulipo.

Mabvuto (Chipata): Ndiye kuti mantha aja oti idzatsala ya katundu anakwaniritsidwa, kungoti patapita zaka 50.

Nambewe (Germiston): Ine zomwe akambirana aphunzitsi ndi a Mwale zandikhala pamtima, chifukwa ndimakhala kuno ndipo ndimaona zonse ziwiri. Lebombo ija, yaitali ija, bambo wotionetsa anati ndi yomwe inadutsa chapansipansi pamwamba pa bwalo la masewera la Ellis Park ku Joni pa 24 Juni 1995, tsiku la fainolo ya rugby, Mandela ali m'bwalomo. Ndege yomweyo inakhala zaka zambiri ikuzungulira Africa chifukwa chokanidwa. Loweruka lija m'kati mwake munali ana achikuda a sukulu ya ku Katlehong akusinthana kukhala pa mipando ya kutsogolo, ndipo mwana wanga, Mmalawi wobadwira ku Joni, anakwera nawo masitepe mpaka kukasuzumira mawotchi a injiniya aja. Atatsika anandiuza kuti akufuna kudzakhala ngati a Chikondi. Sindinamuuze za 1963 tsiku limenelo, koma ndimuuza, chifukwa ayenera kudziwa chomwe ndegeyo inagulidwira.

Aphunzitsi Gondwe (Mzuzu): Muuzeni mayi, ndipo mumuwerengerenso zomwe alemba a Mwale za kukankha zikontena. Ine ndikaphunzitsa za ubale wa Malawi ndi South Africa ku Fomu 4 ndimasowa chinthu chogwirika choonetsa ana. Bambo Mwale, ngati n'kotheka ndikupempha chithunzi chanucho, ndikachionetse m'kalasi. Maganizo anga pa ulendo uja sanasinthe, koma ana akaone okha n'kutsutsana monga tachitira ife pano.

Chikondi (Manchester): Anti, muuzeninso mwanayo kuti SP ina inathera ku ntchito yodabwitsa. Inayamba ku Pan Am, n'kupita ku United, kenako NASA, bungwe la ku America lofufuza za kuthambo, mogwirizana ndi a ku Germany anaiboola chitseko chachikulu chakumchira n'kuikamo makina oonera nyenyezi, galasi lake lopitirira mamita awiri ndi theka. Ankaitcha SOFIA. Inkakwera pamwamba pa chinyezi chambiri cha mumpweya n'kutsegula chitsekocho ili mkati mouluka, akatswiri n'kumayang'ana kuthambo usiku wonse. Anaisankha chifukwa cha mphatso yomwe ija, kukwera m'mwamba ndi kukhalitsako. Ndi imene inapeza zizindikiro za madzi pa mbali yowala dzuwa ya mwezi, zomwe analengeza mu 2020. Inapuma mu 2022 ndipo ili ku Tucson, ku Arizona. Ngati akufunadi ntchito yathuyi alimbikire masamu ndi sayansi, ndipo akafika Grade 10 mundiuze ndimulongosolere njira zake.

Tadala: Agogo a Mwale, nafenso tikufuna tichione chithunzicho pagulu pano.

Bambo Mwale (Lumbadzi): Ndatsegula thiranki madzulo ano. Chilipo, chili mkati mwa buku la nyimbo la malemu mayi a kunyumba, pepala lachita chikasu ndipo ngodya imodzi inadyedwa ndi njenjete, koma nambala ija ikuwerengeka bwinobwino. Foni yangayi kamera yake ndi yofooka. Mdzukulu wanga abwera Lachisanu kuchokera ku Area 25, ndimuuza achijambule ndi yake n'kutumiza pano. Aphunzitsi, inu ndikutumizirani chapadera kuti mukachisindikize chachikulu.